Rotavirus: Mmene Kachilombo Kotsegula Ana M'mimba Kanapangidwira ndi Mmene Kamalowera M'maselo

Rotavirus ndi kachilombo ka m'gulu la mavayirasi komwe kamatsegula ana aang'ono m'mimba moopsa. Pafupifupi mwana aliyense padziko lapansi amakhala atagwidwapo nako asanafike zaka 5, kaya wabadwira m'dziko lolemera kapena losauka. Kusiyana kumakhala pa imfa. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2013 kachilomboka kanapha ana pafupifupi 215,000 osafika zaka 5, ndipo ambiri anali a mu Africa ndi kumwera kwa Asia.

M'boma la Karonga, momwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 365,000, mwana wosanza ndi kutsegula m'mimba si wachilendo pachipatala chachikulu cha boma, ku Chilumba, ku Kaporo kapena ku Nyungwe. Ambiri akamva za m'mimba amaganiza za dzinja, pamene mitsinje ya Songwe, Lufilya ndi North Rukuru imasefukira n'kuwononga zitsime, ndipo kolera amaopsa. Rotavirus ili ndi khalidwe lake. M'Malawi imapezeka chaka chonse, koma imachuluka m'miyezi yopanda mvula, ndipo imafika ngakhale pakhomo pomwe madzi ndi a pamjigo. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka kachilombo keniweniko.

Kukula ndi maonekedwe ake

Kachilomboka kanaoneka koyamba mwa anthu m'chaka cha 1973, pamene Ruth Bishop ndi anzake a ku Royal Children's Hospital mumzinda wa Melbourne anakaona m'tizidutswa ta matumbo a ana otsegula m'mimba. Anagwiritsa ntchito makina oonera tinthu tating'ono oyendera ma elekitironi, chifukwa maikulosikopu ya pachipatala, yoonera malungo m'magazi, singakaonetse. Chaka chotsatira Thomas Flewett wa ku Birmingham anakapatsa dzina lakeli poona kuti pachithunzi kamaoneka ngati gudumu.

Kachilombo kamodzi ndi kotambalala pafupifupi ma nanomita 100, kutanthauza kuti tizilombo 10,000 titandandalikidwa pamzere tingangokwana milimita imodzi. Ndi kobulungira, koma kali ndi mbali 20 ndi nsonga 12. Kalibe kakhungu ka mafuta komwe kamakuta mavayirasi ena monga HIV kapena kachilombo ka Covid-19. M'malo mwake kali ndi zigoba zitatu za mapuloteni, china m'kati mwa chinzake. Mlimi wa mpunga wa ku Hara kapena ku Wovwe angakamvetse poganizira njere yosapuntha: kunja kuli mankhusu olimba oteteza mbewu paulendo, pansi pake pali gaga, ndipo moyo wa mbewuyo uli m'kati.

Chigoba cham'kati ndi majini

Pakatikati pa kachilomboka pali majini ake. Majini a munthu analembedwa mu DNA, koma a rotavirus ali mu RNA ya nthambo ziwiri zopotana, ndipo anagawika m'zidutswa 11 zosalumikizana. Zilembo zake zonse pamodzi ndi pafupifupi 18,500. Chidutswa chilichonse chili ndi malangizo opangira puloteni imodzi, kupatula chomaliza chomwe m'mitundu yambiri chimapanga ziwiri. Mapuloteni 6 ndi omangira thupi la kachilombo, ndipo amatchedwa VP1, VP2, VP3, VP4, VP6 ndi VP7. Enawo, kuyambira NSP1 mpaka NSP6, sapezeka m'kachilombo koyendayenda. Amapangidwa kachilomboka kakalowa kale m'selo.

Chigoba choyamba, chokuta majiniwa, ndi chopyapyala ndipo chinamangidwa ndi mapuloteni 120 a VP2. Kunsi kwake, pafupi ndi nsonga 12 zija, kwamamatira mapuloteni awiri ogwira ntchito. VP1 ndi yokopera majini. VP3 imaveka uthenga uliwonse wokopedwawo chizindikiro kumutu kwake kuti selo la munthu liuwerenge ngati uthenga wake womwe. Choncho kachilomboka kamayenda ndi zida zake zokopera, chifukwa selo la munthu lilibe chida chokopera RNA ya nthambo ziwiri.

Chigoba chapakati

Chigoba chachiwiri ndi cha VP6. Mapuloteniwa alipo 780, olumikizana atatuatatu kupanga magulu 260, ndipo kulemera kwawo ndi pafupifupi theka la kachilombo konse. VP6 ndiyo imalimbitsa chigoba cham'kati ndi kupereka maziko omangirapo chakunja. Sisinthasintha kwenikweni, n'chifukwa chake akatswiri amaigwiritsa ntchito pogawa rotavirus m'magulu otchulidwa ndi zilembo. Gulu A ndi lomwe limadwalitsa ana ambiri. Kulabotale akamayeza chimbudzi cha mwana pofuna rotavirus, zida zambiri zimafufuza VP6 yomweyi. M'zigoba ziwiri zakunja muli timabowo 132 tolowera madzi, michere ndi zopangira RNA.

Chigoba chakunja ndi minga yake

Chigoba chachitatu ndi chomwe chimakhudzana ndi thupi la mwana. Chili ndi mapuloteni a mitundu iwiri. VP7 imapanga chophimba chosalala cha mapuloteni 780, nawonso atatuatatu, ndipo gulu lililonse lakhala pamwamba pa gulu la VP6. Chomangirira magulu a VP7 ndi mchere wa kashiamu. Kashiamu akakhalapo wokwanira chigoba chimagwirana zolimba, koma akachepa chimaphwasuka. Khalidwe limeneli ndi lomwe limatsegula kachilomboka pa nthawi yake.

Pachophimbachi patuluka minga 60, ndipo munga uliwonse ndi mapuloteni atatu a VP4. Tsinde lake lazikika mpaka pa VP6, ndipo VP7 yalipana m'mbali kuti lisazuke. Chithunzi choyamba cha mbali zonse za kachilomboka chinatuluka mu 1988 kuchokera kwa B. V. Venkataram Prasad ndi anzake, omwe ankaumitsa tizilomboti mwadzidzidzi m'chisanu choopsa n'kutijambula. Mu 2011 gulu la Stephen Harrison ku Harvard linafika poonetsa malo a ma atomu m'kachilombo kathunthu.

Mayina a mitundu ya rotavirus amachokera pa mapuloteni awiri akunjawa. Chilembo G chimanena mtundu wa VP7, pamene P chimanena mtundu wa VP4. Mtundu wa G1P[8] ndi womwe kwa zaka zambiri unkapezeka kwambiri padziko lonse. Ku Malawi zinthu zinaoneka mosiyana kuyambira pachiyambi. Kalondolondo yemwe anayamba mu 1997 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Nigel Cunliffe wa ku Liverpool pamodzi ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine, anapeza kuti ana ambiri ankadwala mtundu wa G8, womwe kwina unkadziwika kwambiri mwa ng'ombe, komanso mitundu ya P[6] yomwe inali yosowa ku Ulaya.

Ulendo wopita m'matumbo

Kachilomboka kamachoka m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'manja, m'ziwiya, m'zoseweretsa ana kapena m'madzi. Galamu imodzi ya chimbudzi cha mwana wodwala ikhoza kukhala ndi tizilombo mabiliyoni ambiri, pamene tosakwana 100 n'tokwanira kudwalitsa mwana wina. Popeza kalibe kakhungu ka mafuta, sopo sakasungunula mmene amachitira ndi mavayirasi ena. Ntchito ya sopo ndi madzi oyenda ndi kukakokolola m'manja. Kamathanso kukhala ndi moyo masiku ambiri pamphasa, pansalu kapena pathebulo, ngakhale kuti kolorini amakapha.

Kakamezedwa, zigoba zake zimakathandiza kupirira asidi wa m'mimba mpaka kufika m'matumbo aang'ono. Mmenemo muli timadzi togaya chakudya, ndipo ena mwa timadzito ndi trypsin, yemwe ntchito yake ndi kudula mapuloteni a mu mkaka, nyemba kapena usipa. Trypsin amadulanso munga wa VP4 n'kuugawa pawiri: mutu wake wotchedwa VP8, ndi thunthu lake lotchedwa VP5. Zigawo ziwirizi sizipatukana nthawi yomweyo, koma mungawo umauma, kuimirira chilili ndi kukhala wokonzeka kuboola. Munga wosadulidwa sulowa bwino m'selo. Motero chida chomwe thupi limagayira chakudya ndi chomwe chimanolera kachilombo minga, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe matendawa amakhalira a m'matumbo.

Kugwira selo

M'kati mwa matumbo aang'ono muli timphukira tambirimbiri totchedwa villi, tomwe timayamwa chakudya chogayika. Rotavirus imasankha maselo okhwima a kunsonga kwa timphukirati. Pamwamba pa maselowa pali tinthambo ta shuga wamitundumitundu, ndipo mutu wa VP8 uli ndi kadzenje komwe shuga woyenerera amalowamo ndendende. Mitundu ina ya rotavirus ya ziweto imagwira shuga wotchedwa sialic acid. Mitundu yambiri ya anthu imagwira shuga wa m'banja la magulu a magazi, yemwe amapezekanso m'malovu, m'mamina a m'matumbo ndi mu mkaka wa m'mawere.

Shuga ameneyu sakhala wofanana mwa anthu onse. Majini awiri, FUT2 ndi FUT3, ndi omwe amalamula mtundu wa shuga yemwe maselo a m'matumbo a munthu adzakhale nawo, ndipo mwana amatengera kwa makolo ake. Mitundu ya P[8] ndi P[4] imagwira bwino ana omwe FUT2 yawo ikugwira ntchito. Kafukufuku wa ku Burkina Faso wa mu 2014 anasonyeza kuti P[6] imakonda ana omwe FUT3 yawo sigwira ntchito, ndipo ana otere ndi ochuluka mu Africa kuposa ku Ulaya. Apa ndi pomwe pangakhale gwero lina la kuchuluka kwa P[6] kuno. Ku Blantyre, kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti ana omwe FUT2 yawo sigwira ntchito anali ochepa pakati pa omwe anadwala rotavirus moopsa atalandira kale katemera.

Kugwira shuga ndi chiyambi chabe. Pofufuza m'labotale zaoneka kuti mitundu ina imakhudzanso mapuloteni a pakakhungu ka selo, monga ma integrin ndi hsc70, kudzera mu VP5 ndi VP7. Kenako kakhungu ka selo kamapindikira m'kati, kukulunga kachilomboka mpaka kutsekeka, ndipo kamapezeka kali m'kathumba kakang'ono m'kati mwa selo.

Kuboola kathumba

Kukhala m'kathumba sikunakhale kulowa. Kathumba kotere kakasiyidwa kamapita kumalo komwe selo limagayira zinyalala, choncho kachilomboka kayenera kutulukamo msanga. Ntchitoyi ndi ya VP5. Mitu ya VP8 ikagwira shuga imapatukira m'mbali, n'kuvundukula nsonga za VP5 zomwe zinali zobisika. Nsongazi zimadana ndi madzi koma zimagwirizana ndi mafuta, motero zimamira m'kakhungu ka kathumba komwe n'ka mafuta. Zikatero mapuloteni atatu a VP5 amapindika chobwerera m'mbuyo n'kupotana pamodzi, ndipo tsinde lomwe linali lokwiririka limatulukira kunja kukalowa m'kakhunguko. Zithunzi zofalitsidwa mu 2021 ndi gulu la ku Harvard lija zinaonetsa munga woimirira ndi munga wopindikawo pamwamba pa kachilomboka.

Kakhungu kakabooka pang'ono, kashiamu wa m'kathumba amatayikira m'kati mwa selo momwe kashiamu amakhala wochepa kwambiri. VP7 ikasowa kashiamu imaphwasuka, minga imazuka, ndipo kachilombo kotsala ndi zigoba ziwiri kamatulukira m'madzi a m'selo. Poyesa m'maselo a m'labotale, zonsezi zimatha m'mphindi pafupifupi 10 kuchokera pomwe kachilombo kagwira selo.

Ntchito ya m'kati mwa selo

Kachilombo ka zigoba ziwiri sikatsegukanso. Selo lili ndi alonda omwe akaona RNA ya nthambo ziwiri amadziwa kuti kwalowa mdani, choncho majini amakhalabe obisika. Kuvulidwa kwa chigoba chakunja ndi komwe kumadzutsa VP1. Imayamba kukopera zidutswa zonse 11, ndipo mauthenga a nthambo imodzi amatulukira pa timabowo ta pansonga 12 zija. Selo limawawerenga n'kuyamba kupanga mapuloteni a kachilombo.

Mapuloteni a NSP amagawana ntchito. NSP1 imafooketsa interferon, chenjezo lomwe selo logwidwa limatumiza kwa anzake. NSP3 imapangitsa selo kunyalanyaza mauthenga ake. NSP2 ndi NSP5 zimamanga malo oundana otchedwa viroplasm, momwe zidutswa 11 zimasonkhanitsidwa, chimodzichimodzi cha mtundu uliwonse, n'kukutidwa ndi VP2 kenako VP6. NSP4 imakhala pakakhungu ka mosungira kashiamu wa selo, ndipo imakokera tizilombo tatsopanoti m'katimo. Mmenemo kashiamu ndi wambiri, motero VP7 imagwirana n'kutseka chigoba chachitatu pamodzi ndi minga. Kuchepa kwa kashiamu kunavula kachilombo polowa, ndipo kuchuluka kwake kumaveka tatsopano tisanatuluke. Pakamatha maola 10 mpaka 12, selo limodzi limakhala litabala tizilombo tambiri togwira maselo oyandikana nalo.

Kugawika kwa majini m'zidutswa kuli ndi zotsatira zake. Mitundu iwiri ikalowa m'selo limodzi, tizilombo tatsopano tikhoza kutenga zidutswa zina uku, zina uko. Izi zimachitikanso pakati pa mitundu ya anthu ndi ya ziweto, ndipo n'zofunika kuzidziwa m'boma ngati la Karonga momwe makola a ng'ombe ali pafupi ndi nyumba. Khuzwayo Jere ndi anzake anafalitsa mu 2018 za mitundu ya G1P[8] ya ku Blantyre yomwe kunja inali ya chizolowezi, koma majini ake am'kati anali ochokera ku banja lina la rotavirus. Mu 2017 mtundu wa G3 unabwereranso mumzindawu utasowa kwa zaka pafupifupi 20.

Chomwe chimatsegula m'mimba

Zizindikiro zimayamba pakapita tsiku limodzi mpaka atatu. Kawirikawiri mwana amayamba ndi kutentha thupi ndi kusanza, kenako chimbudzi cha madzi okhaokha chopanda magazi, chomwe chimatha masiku 3 mpaka 8. Zoyambitsa zake ndi zingapo. Maselo a kunsonga kwa villi akafa, timphukirato timafupika ndipo matumbo amalephera kuyamwa. Shuga wa mu mkaka sagayika bwino, amatsalira m'matumbo n'kukoka madzi. NSP4 nayo ndi poizoni payokha, monga anasonyezera Mary Estes ndi anzake ku Houston mu 1996. Imachulukitsa kashiamu m'maselo, ndipo maselowo amatayira mchere ndi madzi m'matumbo. Kachilomboka kamatakasanso maselo ena otulutsa serotonin, yemwe amadzutsa mitsempha yopita kuubongo n'kuyambitsa kusanza.

Chomwe chimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi. Liwombo likalowa, maso akalowa m'kati, mkodzo ukachepa, kapena mwana akalefuka n'kumakana bere, ndi nthawi yothamangira kuchipatala. Mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu pa vayirasi. Thanzi ORS amathandiza chifukwa maselo otsala amathabe kuyamwa shuga ndi mchere pamodzi, ndipo madzi amatsatira. Mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14 amathandiza matumbo kuchira, ndipo kuyamwitsa sikuyenera kuima. Mwana wosanza chilichonse amafunika dripi.

Katemera ndi chigoba chakunja

Asilikali a m'thupi amalimbana ndi kachilomboka pa masitepe omwe kamalowera. Ena amaphimba VP8 kuti isagwire shuga, ena amaletsa VP5 kupindika, ndipo ena amamanga magulu a VP7 kuti asaphwasuke ngakhale kashiamu achepe. Mwana akadwala koyamba thupi limaphunzira, ndipo kudwala kwachiwiri kumakhala kopepuka. Katemera amapereka phunziro loyambali popanda kuika moyo pachiswe. Katemera wa Rotarix ndi kachilombo kamoyo ka G1P[8] kofooketsedwa, ndipo amadonthezera m'kamwa kuti kakachulukane pang'ono m'matumbo.

Zotsatira za kuyesa katemerayu ku Malawi ndi ku South Africa zinatuluka mu 2010. Anateteza ku matenda oopsa ndi 49 peresenti ku Malawi ndi 77 peresenti ku South Africa. Koma chifukwa matendawa anali ochuluka kuno, ana omwe anapulumuka pa ana 100 aliwonse olandira katemera anali ambiri ku Malawi. Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la Gavi, unayamba kupereka katemerayu pa 29 Okutobala 2012, kwa ana a masabata 6 ndi 10. Ku Queen Elizabeth, rotavirus inkapezeka mwa theka la ana ogonekedwa ndi matenda otsegula m'mimba kumayambiriro kwa 2012, koma pofika nyengo yomweyo mu 2014 inkapezeka mwa ana pafupifupi 31 pa 100 aliwonse. Ku Mchinji kunapezeka kuti imfa za makanda zobwera ndi kutsegula m'mimba zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mphamvu ya katemera wa m'kamwa imachepa m'maiko osauka pa zifukwa zingapo zomwe akatswiri akuzifufuza: kunyentchera, matumbo otupa ndi tizilombo tina, chitetezo chochokera kwa mayi chomwe chimapha kachilombo ka katemera kasanachulukane, ndi kulandira pamodzi ndi katemera wa poliyo wa m'kamwa. Kapangidwe ka minga kakutsogolera ntchito yofuna katemera wabwinopo. RV3-BB, wochokera ku mtundu wa G3P[6] womwe unapezeka mwa makanda obadwa kumene ku Melbourne, anayesedwa ku Blantyre kuyambira pa tsiku lobadwa, ndipo zotsatira za mu 2022 zinaonetsa kuti amadzutsa chitetezo. Katemera wa jakisoni wopangidwa ndi mitu ya VP8 yokha anayesedwa m'maiko angapo kuphatikizapo Zambia, koma mu 2022 zinaoneka kuti saposa wa m'kamwa.

Gawo la Karonga

Karonga ali ndi malo ake pa nkhaniyi. Ku Chilumba kuli likulu la kafukufuku wa zaumoyo lomwe linayamba mu 1979 ndi matenda a khate, linadziwika kwa zaka zambiri ndi dzina loti Karonga Prevention Study, ndipo lero lili pansi pa bungwe la kafukufuku la MEIRU. Kuyambira 2002 likululi limalemba kubadwa, imfa ndi kusamuka kwa anthu m'midzi ya kumwera kwa bomali. Kaundula ameneyu anathandiza pamene katemera wa chibayo anayamba mu 2011 ndi wa rotavirus mu 2012, chifukwa zinali zotheka kutsata mwana aliyense kuyambira pobadwa, kuona tsiku lomwe analandira katemera m'buku lake la kusikelo, ndi kudziwa ngati anakula kapena anamwalira.

Kafukufuku wa m'derali wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti mabanja ambiri anaulandira katemerayu, koma kuchedwa kunalipo, makamaka kwa ana okhala kutali ndi chipatala. Pa rotavirus kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Ku Malawi ana amakumana ndi kachilomboka ali aang'ono kwambiri, ndipo ambiri odwala moopsa amakhala osakwana chaka. Chitetezo chomwe khanda limabadwa nacho kuchokera kwa mayi chimayamba kuchepa m'miyezi yoyamba, ndipo thupi limafuna masabata angapo kuti lipange asilikali ake litalandira madontho. N'chifukwa chake sikelo zoyendayenda za alangizi a zaumoyo m'midzi ya kumapiri ndi ya m'mphepete mwa nyanja, m'madera a mafumu Kyungu, Wasambo, Kilupula, Mwakaboko ndi Mwirang'ombe, zili mbali yaikulu ya chitetezo cha ana m'bomali. Mwana yemwe walandira madontho ake onse pa masabata oikika, akuyamwa mokwanira, ndipo pakhomo pake pali paketi ya Thanzi ORS ndi zinki, akhoza kugwidwabe ndi rotavirus, koma mwayi woti matendawo amufikitse pa dripi kapena pa imfa umachepa kwambiri.